Lachitatu ku Lirangwe

Ndinkakolopa pa bwalo la ndege ku Chileka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala ndikupukuta pansi pomwe mabwana amakokerapo zikwama zawo zamateyala, ndipo zaka zinayi zomalizirazo ndinkapukuta nditalawa kale. M'mawa uliwonse, ndisanasambe n'komwe, ndinkameza kakapu ka kachasu kuti manja asiye kunjenjemera, kenako n'kumatafuna khungu la ndimu njira yonse. Ndinkaganiza kuti palibe akudziwa. Tsiku lina kapitawo wathu anandiimitsa pakhomo la chipinda chosinthiramo zovala, nandiuza kuti ndimupumire kumaso. Ndinapuma. Anabwerera m'mbuyo ngati waponda njoka, nandilanda yunifomu pomwepo anzanga onse akuonerera. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu.

Pa nthawiyo bambo a kunyumba anali atandisiya kale, atakakwatira mkazi wina ku Mdeka. Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi, koma kunena zoona anamulera ndi achemwali anga aakulu. Ine ndi achemwaliwo timakhala pamalo amodzi omwe malemu amayi athu anatisiyira, zitseko zathu zikuyang'anizana. Chilichonse cholowa ndi chotuluka m'nyumba mwanga iwo amachiona atakhala pakhonde pawo.

Ndinali ndi mnzanga mmodzi wamkazi womwa naye. Anali wamng'ono kwa ine, wogulitsa nthochi pa siteji ya minibasi, munthu woseka chilichonse ngakhale chosaseketsa. Ankanditchula kuti asisi. Tinkamwera kuseri kwa chigayo, kwa mayi wina wotcheza kachasu, pamabenchi awiri pansi pa mtengo wa mango. Ntchito itatha ndinasamukira komweko. Kunyumba ndinkangopita kukagona.

Chaka chotsatira mwana wanga anapeza mwamuna, mnyamata wa ku Kuntaja, wa banja lopemphera kwambiri. Tsiku la chinkhoswe litatsala pang'ono, achemwali anabwera pakhomo panga. Sanalowe. Anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Loweruka musaoneke," anatero. "Akuchimuna tawauza kuti mayi ake akudwala, ali kuchipatala."

"Koma mayi ake ndine, achemwali. Ndisamba, ndivala bwino, sindilawa ngakhale dontho."

"Inu munangobereka basi. Mbuzi nayonso imabereka."

Lowerukalo ndinadzuka m'mamawa, ndinasamba ndithu, ndinavala diresi yanga yabwino, n'kukhala pamphasa m'nyumba. Chinkhoswe chinkachitikira pa holo ina pafupi ndi msika, ndipo nyimbo zinkamveka mpaka kwathu. Ndinamva wolengeza akuitana mayi a mtsikana kuti abwere kutsogolo, anthu n'kululutira. Ndinadziwa kuti amene waimirira ndi achemwali. Ndinatuluka, ndinalunjika kuseri kwa chigayo.

Kumeneko ndinapeza anyamata angapo omwe ndinkawadziwa nkhope chabe. Atamva kuti ndine mayi a mwini chinkhoswe, anayamba kundigulira. Kapu ikatha, ina yabwera. Kenako mmodzi anati, "Mayi a mkwatibwi sakhala pansi tsiku ngati lero. Tavinani timufupe mwana wanu!" Ndinavina. Ankandiponyera zitsekero za mabotolo m'malo mwa ndalama, akukuwa ngati ali pa perekaniperekani. Zotsatira zake sindikuzikumbuka ndi mutu wanga, ndinachita kuziona pa foni. Ndinagwera m'ngalande ya madzi ochokera kuchigayo, diresi itakwera mpaka m'chiuno, ndikuitana dzina la mwana wanga, ndipo ndinadzikodzera. Wina ankajambula. Amene anandizula m'matopemo n'kundikoka mpaka kunyumba anali mnzanga wa nthochi uja, nayenso akudzandira.

Vidiyo ija inafika m'holo anthu asanamalize kupereka mphatso.

Mwana wanga anabwera Lamulungu masana. Ndinkayembekezera kuti akalipa kapena alira, koma ayi. Anakhala pa mpando, anatulutsa foni, anandiikira pafupi ndi maso.

"Onerani," anatero.

Nditatembenuza nkhope anandigwira chibwano ndi dzanja linalo. "Musatseke maso. Apongozi anga aonera mpaka kumapeto. Inunso muonere mpaka kumapeto."

Anandionetsa katatu. Itatha kachitatu anaika foni m'chikwama, nati, "Mayi inu, ukwati ukadzachitika mudzamva kwa anthu." Kuyambira ali wakhanda ankanditchula kuti amama. Tsiku limenelo ndinasanduka mayi inu, ngati munthu wokumana naye mu minibasi.

Pofuna kusiya mowa, ndinayamba ndi kutchalitchi. Mkulu wa mpingo anandimvetsera bwinobwino kunyumba kwake, ine n'kumati ndapeza thandizo. Lamulungu lake anandiitana kutsogolo, nandiimika pamaso pa mpingo wonse, n'kulalikira za ine ola lathunthu ngati kuti ndine chithunzi chophunzitsira ana. Amayi a mvano ena ankabisa nkhope m'mabuku awo a nyimbo akuseka. Nditatuluka ndinakamwa.

Kenako ndinayesa ndekha. Ndinadzitsekera m'nyumba masiku awiri osalawa. Tsiku lachiwiri thupi lonse linkagwedezeka ngati galimoto yakale, ndinkasanza madzi okhaokha, ndipo ndinkaona nyerere zikutuluka m'khoma pomwe panalibe nyerere. Ndinadzikoka mpaka kuchipatala chaching'ono. Nesi amene ndinamupeza anali wotopa, mzere unali wautali. Sanandiyang'ane kumaso.

"Mowa ngati wanuwo sasiya chonchi mwadzidzidzi, mutha kugwa n'kufa," anatero akulemba. Anandipatsa mapilisi, nandiuza kamwedwe kake ndi tsiku loti ndibwerenso. Ndikutuluka anawonjezera kuti, "Ndinamva kuti ku Lirangwe kuli anthu amakumana Lachitatu masana, zidakwa zokhazokha zofuna kusiya. Malo ake sindikuwadziwa, mukafunse komweko. Wotsatira!"

Ndinali nditamvapo kuti m'tauni muli magulu otere, koma ankati amayankhula Chingelezi ndipo anthu ake amabwera pa magalimoto awo. Ine ndi masilipasi anga ndikanakhala pati? Ku Lirangwe ndinkaona kuti kuli anthu ngati ine, komanso n'kutali ndi kwathu, kosadziwika.

Lachitatu loyamba ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukwera ina yodutsa ku Lunzu. Nditatsika pa Lirangwe ndinaima nthawi yaitali m'mbali mwa msewu, malole akudutsa n'kumandithira fumbi. Funso ngati limenelo umalifunsa bwanji? Pomaliza ndinapita pomwe panaima akabaza, ndinasankha wooneka wamkuluko, ndinafunsa motsitsa mawu.

"Pepani achimwene, kodi anthu osiya mowa amakumana kuti kuno?"

Iye anabwereza funso langa mokweza kuti anzake amve. Anayang'anana. Kenako anaumitsa nkhope ngati munthu wachifundo, nati, "Aaa, mayi, mwafunsa munthu woyenera. Dutsani kanjira ako, mukaona nyumba ya chitseko chobiriwira, ndi pomwepo. Angoyamba kumene."

Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Nyumba ya chitseko chobiriwira inali shabini. Nditafunsa za msonkhano, mwini wake anaseka mpaka kugwira khoma, naitana omwa onse kuti amve zomwe ndanena. "Msonkhano ndi uno, mayi! Tonse pano tikusiya, tikungomaliza kaye wotsalawu." Anathira kakapu n'kundipatsa m'manja, ati ka mlendo salipira. Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana. Ndinamwa kameneko, ndi kena, ndi kena. Pobwerera ku siteji akabaza aja anandifunsa ngati msonkhano wayenda bwino.

Sabata yotsatira ndinapitanso, sindikudziwa kuti mphamvu zake ndinazitenga kuti. Akabaza ndinawalambalala. Ndinafunsa mlonda wa pa tchalitchi china, iye anati pano sitisunga zidakwa. Ndinafunsa mayi wogulitsa tomato, iye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Munthu wamkazi? Manyazi mulibe?" Dzuwa linali litapendeka, ndinakhala pansi pakhonde la sitolo ina yogulitsa makasu, misomali ndi zipangizo za njinga.

Mwini sitoloyo anali bambo wachikulire wachisilamu, wa ndevu zoyera ndi kofia kumutu. Anandiyang'ana kwa kanthawi ali kuseri kwa kauntala, kenako anatuluka.

"Mukufuna kuseri?" anafunsa.

Sindinamvetse. Anabwereza. "Anthu aja a Lachitatu. Ndakuonani mukuzungulira kuyambira masana. Ali kuseri kwa sitolo ino."

Ndinayamba kugwada kuti ndithokoze, iye anandiletsa ndi dzanja. "Ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Mwana wanga wamwamuna ndi amene ankamwa mobisa, tinamuika m'manda zaka zapitazo. Chipindacho chinali chake. Musandithokoze, ambiri a inu mumabwera kamodzi basi."

Chipindacho chinali chaching'ono, cha zenera limodzi, matumba a laimu ataunjikidwa pakona. Munali mabenchi atatu ndi amuna asanu ndi awiri. Mkazi munalibe. Nditaima pakhomo onse anasiya kuyankhula. Kenako mmodzi, wonenepa, yemwe ndinadzamva pambuyo pake kuti amawotcha nyama ya mbuzi pamsika, anandiloza ndi chala.

"Si mayi a pa vidiyo aja awa? A ku Chileka aja, a m'ngalande?" Anali atayamba kale kutulutsa foni m'thumba.

Ndinali nditakwera minibasi ziwiri kuthawa vidiyo ija, koma inali itafika kale ku Lirangwe ine ndisanafike. Ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Khalani pansi, mayi," anatero mkulu wina wowonda yemwe anakhala pafupi ndi zenera. Iyeyu ndiye ankatsogolera gululo, dalaivala wakale wa malole, ndipo onse ankamutchula kuti madala. "Tonse tinaionera. Inenso ndinaionera, ndinaseka. Khalani pansi." Kenako anatembenukira kwa wa nyama uja. "Inu bwezani foniyo. Tsiku lomwe munasasula malata a nyumba yanu akazi anu ali kumunda, n'kukawasinthitsa ndi mowa, kukanakhala wojambula bwenzi muli wotchuka kuposa mayiwa."

Ena anaseka, wa nyamayo nabweza foni. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko.

Panalibe pemphero, panalibe nyimbo. Aliyense ankanena za sabata yake, wamwa kapena sanamwe, ndi chomwe chinachitika. Wina anati wakwanitsa miyezi itatu. Wina anati anagwa Lolemba pa maliro a mlamu wake. Palibe anamuwombera m'manja woyambayo, palibenso anamukalipira wachiwiriyo. Itafika nthawi yanga ndinayamba mmene ndinkayambira kulikonse. Ndinati ine sindimwa kwambiri, koma mavuto, bambo anandisiya, ntchito inatha, abale sandifuna.

Madala aja anandidula pakamwa. "Zimenezo mukanenere kutchalitchi. Mwamwa liti komaliza?"

"Dzulo."

Anangondiyang'ana.

"M'mawa uno," ndinatero. "Pang'ono, kuti ndithe kukwera minibasi."

"Eya. Apo ndiye mwayamba kuyankhula. Kuno bodza lililonse lomwe munganene tinalinenapo kale ifeyo, ndipo tinkalinena bwino kuposa inu. Malamulo ndi awiri. Zomwe mwamva muno zitsale muno. Mukabwera mutamwa, khalani, koma tsiku limenelo mungomvetsera. Ngati muli ndi mapilisi a kuchipatala mupitirize, ife si madokotala."

Palibe anandilimbikitsa ndi mawu okoma tsiku limenelo, ndipo potuluka palibe anandiperekeza. Koma kanali koyamba m'zaka zambiri kunena zoona za mowa wanga popanda munthu kuzitenga n'kukazigwiritsa ntchito pondimenya nazo. Lachitatu lotsatira ndinabweranso. Mwini sitolo atandiona anangokweza nsidze.

Kunyumba achemwali anaona kuti Lachitatu lililonse ndikusamba n'kuchoka. Anayamba kuuza anthu pa mjigo kuti ndapeza amuna ku Lirangwe. Nditawauza zoona anaseka. "Zidakwa kukumana kuti zisiye mowa? Ndiye afisi nawonso azikumana kuti asiye nyama."

Nditakwanitsa milungu isanu osalawa, m'mawa wina ndinatsegula chitseko n'kupeza kabotolo ka kachasu kataimikidwa pakhonde panga, kodzaza mpaka pakhosi. Ndinakweza maso. Achemwali anali atakhala pakhonde pawo akusankha nyemba m'lichero, osandiyang'ana. Ndinatseka chitseko. Ndinatsegulanso. Ndinasesa pakhomo ndikukazungulira kabotoloko. Pofika masana ndinali nditakalowetsa m'nyumba, ndikudziuza kuti ndikufuna kukataya kuchimbudzi. Ndinamwa konse nditaimirira. Madzulo ake ndinamva achemwali akuyankhula pa foni ndi mwana wanga, mokweza kuti ndimve. "Ndinakuuza ine. Ndangomuyesa pang'ono chabe. Usamataye nthawi yako."

Nditafotokoza zimenezi Lachitatu, ndinkayembekezera kuti gulu liwatukwana achemwali. Wa nyama uja anangoti, "Anaika pakhonde. Kukamwa anakuikirani ndani?" Ndinamuda munthu ameneyo sabata yonse. Koma ndinayambiranso kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku loyamba, ndipo ulendo uno anapitirira. Mwezi, miyezi iwiri, inayi. Ndinayamba kuchapira zovala mabanja a ogwira ntchito ku bwalo la ndege. Thupi linabwerera, chakudya chinayamba kukoma. Njira yodutsa kuchigayo ndinaisiya, ndinkazungulira kumunda ngakhale kunali kutali.

Ndi njirayo ndinasiyanso mnzanga wa nthochi uja. Ndikamuona pa siteji ndinkawoloka msewu. Iye ankakuwa kuti, "Asisi, mwanenepatu!" ine n'kungokweza dzanja osaima.

Tsiku lina anandipeza pa mjigo ndili ndekha. Sindinathe kuthawa chifukwa ndowa inali isanadzaze. Anali atasintha. Maso anali achikasu, mapazi atatupa, mimba itakula ngati woyembekezera pomwe manja anali timitengo. Anasekabe mmene ankasekera, koma kenako anasiya.

"Asisi, munditengeko kumene mumapita kuja. Ndatopa. M'mawa ndikumasanza magazi."

Fungo la kachasu linkachokera pathupi pake ponse, ndipo ndinamva kukhosi kwanga kukutseguka kokha ngati kwa mwana woona bere. Ndinachita mantha. Koma ndikanama ndikanati anali mantha okhawo. Mnzangayu ankadziwa zinthu zomwe ku Lirangwe ndinali ndisananene. Ankadziwa amuna omwe ndinalowa nawo m'chimanga chifukwa cha botolo limodzi. Ankadziwa tsiku lomwe ndinamenya mwana wanga ndi chikuni ali ndi zaka khumi chifukwa ananditayira mowa. M'chipinda chija ndinali nditasanduka mayi wolimba mtima, mkazi yekhayo pagulu, wa miyezi inayi. Madala anali atayamba kundiuza kuti ndiziyamba ine kuyankhula. Sindinafune munthu woseka chilichonse adzakhale pambali panga n'kunena kuti, asisi, mukukumbuka tsiku lija?

"Chabwino," ndinatero. "Lachitatu likubwerali. Tikumane pa siteji."

Lachitatulo ndinanyamuka m'mamawa kwambiri, ndinadutsa njira ya kumunda, n'kukakwerera minibasi kutsogolo, kutali ndi siteji yathu. Ndinafika ku Lirangwe kutatsala maola anayi kuti msonkhano uyambe, ndinakhala pakhonde la sitolo kudikira. Mumsonkhanomo ndinayankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, za kufunika kopewa anzako akale.

Mawa lake anabwera kunyumba kwanga. Sanakwiye. Anati anandidikira mpaka dzuwa kupendeka, mwina tinasemphana.

"Pepa," ndinatero, ndikuyang'ana zovala zomwe ndinkachapa. "Gulu lija latha. Eni sitolo atithamangitsa. Dzulo ndinangopita kukamva zimenezo."

"Ooo. Ndiye mwayi wanga umenewo, eti asisi?" Anaseka, nandithandiza kufinya bulangete limodzi ngakhale analibe mphamvu, kenako anapita. Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse ndinkadzera kumunda.

Mnzanga uja anamwalira patatha miyezi iwiri, chimanga chikumasula. Anagwa pa siteji pambali pa nthochi zake, ndipo pofika kuchipatala anali atatha. Maliro anali Lachiwiri, kwa amayi ake, mudzi woyandikana ndi wathu. Anthu anali ochepa. Mlaliki ananena mosabisa kuti malemuwa anadzikumbira okha manda, ndipo mpingo sunaimbe. Ine ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi amayi otunga madzi.

Titabwera kumanda, amayi ake anatuma munthu kudzandiitana. Anali nkhalamba yosaona bwino, atakhala pamphasa m'chipinda chamkati. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ndinu asisi aja? Ankakutchulani tsiku lililonse. Anthu onse anamutaya mwana wanga, inu nokha ndi amene munali mnzake."

Anapapasa kumbuyo kwawo n'kutulutsa jumbo. M'katimo munali nsapato zakuda zapulasitiki, zatsopano, zomangidwabe pamodzi ndi kachingwe ka kusitolo.

"Anagula izi kuti ali ndi ulendo ndi inu wa ku Lirangwe. Ankati sangapite kwa anthu ndi mapazi otupa ali pamtunda. Kenako anati ulendo walephereka. Sanazivale. Tengani, mwanawe, mukhale nazo inu."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinathokoza. Sindinawauze kanthu.

Mawa lake linali Lachitatu. Ndinapita ndi jumbo ija ku Lirangwe, ndinaiika pa benchi, ndinafotokoza zonse. Ndinanena za pa mjigo, za njira ya kumunda, za bodza loti gulu latha. Ndinanenanso za m'chimanga ndi za chikuni, popeza tsopano panalibe woti adzandiulule koma ine ndekha. Kunja mwini sitolo ankakhomerera chinachake.

"Mukufuna tikuuzeni kuti si mlandu wanu?" anafunsa madala.

Anapitiriza osadikira yankho langa.

"Munthu wosanza magazi uja mwina akanamwalirabe, ngakhale mukanamubereka kumsana mpaka muno. Mwinanso ayi. Ife sitikudziwa, ndipo inu simudzadziwa mpaka kufa. Chomwe tikudziwa n'chakuti anapempha, inu munamunamiza. Chipinda chino si chanu, mayi. Si changanso."

Wa nyama uja, yemwe ndinkayembekezera kuti andilasa kuposa onse, anangofunsa kuti, "Mwamwa?"

"Ayi."

"Lero musadutse pamsika. Ndikuperekezani ku siteji." Anandiperekezadi, ndipo anaima pomwepo mpaka minibasi itanyamuka.

Papita zaka zitatu tsopano. Sindinalawenso. Gulu lija likukumanabe, ngakhale mwa amuna asanu ndi awiri omwe ndinawapeza atsala atatu. Awiri anabwerera ku mowa, mmodzi anasamuka, mmodzi tinamuika. Akazi tilipo anayi tsopano. Mwa atatu enawo, mmodzi ndi wa kwathu konkuno ku Chileka, ndipo amadziwa mbiri yanga yonse. Timakwera minibasi imodzi.

Ukwati wa mwana wanga ndinamvadi kwa anthu. Ali ndi mwana wamwamuna tsopano. Akabwera kudzacheza amafikira kwa achemwali, ndipo ine ndimawoloka bwalo kukapereka moni. Amandilola kumunyamula mdzukulu wanga, koma nditakhala pansi, iye ataima pafupi. Kamodzi ndinamuuza mwana wangayo kuti ndakwanitsa zaka zitatu. Anati, "Ine ndinakwanitsa zaka makumi awiri ndili mwana wa chidakwa, palibe anandiwombera m'manja." Sindinamutsutse.

Nsapato zija zinandichepera. Ndinaziika pansi pa bedi mujumbo yake yomweyo. Mwezi watha achemwali analowa m'nyumba mwanga kudzafuna sefa ine ndili kumjigo, ndipo pobwera ndinawapeza atazigwira m'manja, akuzitembenuza.

"Zatsopanotu izi, komanso si saizi yanu," anatero. "Mwaba kwa ndani?"

Ndinatula ndowa, ndinawalanda nsapatozo, ndinawapatsa sefa.